Malaya a Felton mu Galayinda

Ntchisi Boma,
12 Julaye, 1984.

Okondedwa achimwene Isake,

Kalata iyi sinadutse ku positi. Ndapatsira Filipo wa ku Dzoole, amene akubwerera kumgodi kwanuko mawa, ndipo akuti aisokerera m'kolala ya jekete. Mukatha kuwerenga muiotche, musaipinde n'kuiika m'Baibulo monga muchitira ndi makalata a mayi.

Ndikhulupirira muli bwino ndipo chifuwa chija chinakusiyani. Kuno mayi ali bwino, kupatula mawondo. Chimanga tinakolola chokwanira, mtedza nawo unayesetsa, koma fodya anapsa ndi dzuwa la mu Febuluwale. Moni wanga wathera pamenepa, chifukwa mukundidziwa, nkhani sinditha kuizungulira.

Mlamu wanu Manesi akuyendera ndodo. Amene wamupundula ndi Felton, yemwe uja munamugulula dzino pa mpira ku Chezi, amene lero ndi tcheyamani wa nthambi ya chipani kumsika kuno. Chimene chinamucheka ndi galayinda, makina operera zitsulo aja munandibweretsera pa tchuthi chanu, koma inu musadziimbe mlandu. Chitsulo sichinalakwe. Ndikuuzani zonse mwa ndondomeko yake kuti mukamva kwa ena musasokonezeke, chifukwa pa Boma pano aliyense ali ndi nkhani yakeyake.

Galayinda ija munandisiyira popanda buku, munangoti, "Uzisamala nayo." Zina zonse ndinaphunzira ndekha, ndi thupi langali. Kachitsulo katandilowa m'diso sabata yoyamba, ndinalumbira kuti sindidzayatsanso popanda magalasi. Disiki itaphulika n'kuboola lata la padenga, ndinamvetsa chifukwa chake opanga anaikapo chotchingira chija, ndipo kuyambira pamenepo disiki iliyonse ndimayamba ndaiunika padzuwa ngati ilibe mng'alu. Posintha disiki ndimazula pulagi kaye, swichi sindiikhulupirira. Chitsulo chopera chimangidwe pa vayisi, manja onse awiri akhale pa makina, moto uthethekere kukhoma osati kumene kuli dizilo wa kainjini kathu ka magetsi, ndipo galayinda siiikidwa pansi isanaleke kuzungulira. Koma lamulo loposa onse ndinachita kulemba ndi penti pachitseko cha shedi: muno musalowe chovala cholendewera. Mkono wa malaya, mpango, mkanda, chingwe cha chipewa, zonsezo galayinda imazikonda kuposa chitsulo. Swichi yake mukuidziwa, ndi yokankha. Ngakhale uitaye m'manja siizima, imapitiriza kudya chimene yagwira.

Manesi anayamba ndi kundigwirira zitsulo, kenaka tsiku lina anati, "Tabweretsani ndiyese." Sindichita manyazi kunena kuti dzanja lake ndi lodekha kuposa langa. Ine ndimawotcherera, iye amasalaza. Ngolo zonse zimene zatuluka m'shedi mwanga zaka zapitazi, m'mphepete mosalala muja anthu amayamikira ndi ntchito ya mlamu wanu. Ndinamupatsa ovolosi yanu yakale ija, anaifupikitsa miyendo ndi mikono, duku ankamanga lothina nsonga zake n'kuzipisa m'kati. Lamulo loletsa akazi kuvala thalauzi tinkalidziwa, sitikhala kuphanga. Ankavalira m'shedi chitseko chili chotseka, ndipo asanatuluke ankavula n'kumanga nsalu yake ngati mayi wina aliyense. Amene ankamuona anali ine mwamuna wake ndi nkhuku.

Mwezi wa Meyi Felton anabwera ndi ntchito. Ankafuna chipata chachitsulo chodutsa pamwamba pa msewu, choti chikongoletse Boma pa chikondwerero cha ufulu. Ntchito ya chipani munthu sukana, ndinavomera, ndipo tinayamba. Ndiye m'mawa wina chitseko chinangokankhidwa popanda odi. Anali iyeyo ndi anyamata ake awiri a malaya ofiira.

Manesi anazimitsa galayinda, anaidikira kuti ileke, anaiika pansi, anakweza magalasi pachipumi, kenaka anati, "Mwadzuka bwanji a Tcheya?"

Felton sanayankhe moni. Anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kutembenukira kwa anyamata ake. "Kodi banja ili amuna alipo awiri? Nanga mkazi ndi uti?"

Ndinayankha ndine. "Wavala zogwirira ntchito, a Tcheya. Werengani pachitsekopo."

"Pachitseko pako pali lamulo loposa la boma?"

"Galayinda sipita ku misonkhano," ndinatero, "malamulo a boma siiwadziwa."

Mmodzi wa anyamata aja anaseka mwangozi, ndipo pamenepo ndi pamene zinaonongekera, chifukwa Felton amapirira zambiri koma kusekedwa ayi. Anatuma mnyamata yemweyo kunyumba kwake kukatenga nsalu ya chipani, ija yodindidwa nkhope ya Mkulu pakati. Anaiponya pa benchi. "Ntchito ya chipani igwiridwe ndi mayi wovala za chipani. Ndikadzapezanso thalauzi muno, mayiwa akagona ku polisi."

Ndinati basi, ngati zili choncho Manesi asiye kupera, ndizipera ndekha. Felton anati akasiya lero ndiye kuti wakana kugwirira ntchito chipani chifukwa chamuveka nsalu yake, ndipo akalemba zomwezo. Anakoka chitini cha penti n'kukhalapo, akuti aone ndi maso ake ntchito ikuyenda.

Manesi anandigwira pamkono. "Atate ake Sara, khalani chete. Ndimanga zolimba."

Anapita kuseri, anavula ovolosi, anabwera atamanga nsalu ija. Ine ndinatenga luzi kuti ndiipinde kutsogolo n'kuikulunga m'miyendo kuti pasakhale polendewera. Felton anadzuka pa chitini. "Ukupinda chiyani? Nkhope imeneyo ioneke yonse. Ukufuna kuimanga ndi luzi ngati mtolo wa fodya?" Anachita kundilanda luzi m'manja.

Achimwene, pamenepo ndinayenera kuzimitsa injini n'kunena kuti dizilo watha. Nzeru imeneyo inandibwerera tili kale ku chipatala. Manesi anapera mfundo zam'mwamba bwinobwino, koma atawerama kuti asalaze mfundo ya pansi, nsonga ya nsalu inagwa kutsogolo. Sindinaone n'komwe, ndinangomva kuti kulira kwa makina kwasintha. Galayinda inakwera nsalu ija ngati khoswe pa chingwe, inamupulumuka m'manja n'kukamuluma pamwamba pa bondo. Ndinadumphira pulagi n'kuzula. Koma nsalu inali itakulungika pa makinawo mothina, ikukokera disiki m'bala, magazi akutuluka ngati pa mbuzi. Ndinatenga sizasi yodulira malata n'kudula pamene panali pafupi. Sindinayang'ane kuti pamenepo padindidwa chiyani. Inu mukadayang'ana?

Ndinamumanga ntchafu ndi lamba wanga, ndinamukweza pa wilibala n'kuthamanga naye. Anyamata awiri aja, ndinene zoona, anandithandiza kukankha pa chitunda cha kumsika. Felton sanagwire ngakhale chala. Potuluka ndinamuona atawerama, akutola kanthu pansi, koma mutu wanga sunali pamenepo.

Ku chipatala anamusoka bwino, ndilibe nawo mawu. Koma akuti mtsempha wina unaduka, ndipo bondo silidzapindikanso ngati kale. Mkazi amene ankasenza ndowa kuchokera kudambo osapumira, lero kuti akafike kuchimbudzi amaima panjira.

Manesi asanatuluke n'komwe m'chipatala, Felton anabwera ku shedi ali yekha. Anatseka chitseko ndi manja ake, anatulutsa m'thumba kanthu kokulunga m'nyuzipepala, n'kukafunyulula pa benchi langa. Kanali kachidutswa ka nsalu ija, magazi a mkazi wanga atauma pomwepo. Sizasi yanga inali itadutsa pa nkhope kuyambira kukhutu mpaka pakamwa.

"Ukumudziwa ameneyu?" anatero.

"Ndikudziwa magaziwo," ndinatero.

"Magazi sakafunsidwa, Kalebe. Kukafunsidwa dzanja limene linagwira sizasi. Ena anapita chifukwa chongokulungira usipa m'nyuzipepala ya chithunzi, nanga iwe wochita kudula?" Kenaka anafewetsa mawu ngati mkulu wa mpingo pa maliro. "Koma ine ndine wachifundo. Tinakulira limodzi, ngakhale mkulu wako anandilanda dzino. Chipata chikatha, galayinda ndi kainjini zipite kwanga, zikatumikire chipani kumeneko. Kansaluka kazikagona m'sutikesi mwanga."

"Kazikagona mpaka liti?"

"Mpaka ndikadzafuna kuti kadzuke."

Nyundo inali m'manja mwanga, achimwene, ndipo mutu wake wadazi uja unali pafupi ngati chipanda. Chimene chinandigwira ndi chakuti Manesi anali pa bedi la chipatala ndipo Sara analibe womuphikira. Ndinati chabwino, chipata chithe kaye.

Masabata otsatirawo sindinkadya bwino. Ndinkawotcherera chipata chawocho ndikulankhula ndekha, ndipo chitsulo chilichonse ndinkachimenya ngati ndi iyeyo. Sindikubisirani: ndili ndi disiki yong'aluka imene ndinaipachika pa msomali kuti ndiziwaonetsa anthu chimene sichiyenera kumangidwa pa makina. Masana ena ndinaitsitsa, ndinaipukuta fumbi, ndinadetsa mng'alu uja ndi girisi kuti usaoneke, ndinaimanga pa galayinda, ndipo ndinayamba kumasula chotchingira. Ndinati akufuna makina, awatenge ali choncho. Nditatembenuka ndinapeza Manesi ali pakhomo, atatsamira ndodo yake. Linali tsiku lake loyamba kufika ku shedi chivulalire.

"Disiki imeneyo ikamaphulika idzayamba yafunsa dzina?" anatero. "Pakhomo pa a Felton pamasewera ana."

Ndinaimasula n'kuiphwanya ndi nyundo iye akuona. Chotchingira ndinabwezera, disiki ndinaika yatsopano. Ndikufuna zimenezi muzidziwe bwino, chifukwa pali ena akunena kuti makinawo ndinawatchera. Anali abwinobwino ngati tsiku limene munawatulutsa m'katoni.

Kutatsala masiku ochepa kuti chikondwerero chifike, kunabwera bwana wa chipani woyang'anira boma lonse kudzaona chipata tisanachiimike. Munthu wamtali, wosalankhulalankhula, wa magalasi akuda ngakhale kuli mitambo. Tinali titachigoneka panja pa shedi, ndipo anthu a pamsika anadzadza kudzaonerera. Felton anafika atavala malaya atsopano osokedwa ndi nsalu ya chipani, otakasuka, ofika m'ntchafu, nkhope ili pamimba penipeni. Mimba yake simunaione masiku ano, nkhopeyo inachita kufutukuka masaya. Anayamba kufotokozera bwana uja mmene anavutikira ndi chipatachi usana ndi usiku, mmene anajambulira maonekedwe ake, mmene amisiri a masiku ano amafunira kuwaimirira. Kenaka anaona mfundo ina yokhakhala pang'ono, n'kunena mokweza kuti, "Kalebe, tayatsa injiniyo. Apa ndimalizitsa ndekha. Makinawa ndi a nthambi tsopano, bwana, mnyamatayu wapereka mwa ufulu wake."

Mnyamata, ine, wa imvi m'ndevu.

Ndinayatsa injini. Ndipo ndinamuuza zonse, achimwene, Mulungu ndi mboni, palibe lamulo limene ndinasiya. Kungoti ndinamuuza mokweza, anthu onse akumva, ndi mawu amene umauzira mwana wamamina kuti asasewere ndi mpeni.

"Valani magalasi awa, a Tcheya."

"Maso anga ndi abwino."

"Mugwire ndi manja awiri. Si lipenga la pa msonkhano limenelo."

Amayi ogulitsa tomato anabisa nkhope m'nsalu. Khosi la Felton linayamba kutupa.

"Chomaliza, pisirani malayawo m'thalauzi."

Felton anayang'ana pamimba pake, anayang'ana bwana uja, anayang'ana ine. "Ukuti chiyani? Ukuti nkhope iyi ndiilowetse m'thalauzi?"

"Ndikuti pisirani, kapena vulani mugwire ntchito ndi vesiti. Zalembedwa pachitseko apo."

"Mwamumva, bwana? Mwamumva mmene amalankhulira?" Bwana uja anangopinda manja. Felton anandilanda galayinda n'kukankha swichi.

Ndinkadziwa kuti sangapisire, ndinkadziwa kuti sangavule. Lamulo limene anaika pa mkazi wanga linali litamumanga mwini wake pamaso pa bwana wake. Kodi kudziwa ndi mlandu? Ndinamuchenjeza kapena sindinamuchenjeze?

Mfundo ija inali cham'munsi. Anawerama, mimba inatsogola, malaya analendewera. Galayinda inawagwira pa mpendero n'kukwera nawo mpaka pa kolala, ikutafuna, tizidutswa tikuuluka ngati nthenga za nkhuku yosewera ndi galu. Felton anaitaya, koma ndakuuzani kale kuti siizima. Anakuwa, anaitana amake amene anamwalira kalekale, anagwa chagada pa chipata chake chomwecho. Ena akuti ndinachedwa kuzula pulagi. Ine ndikuti waya anali atapiringizana ndi zitsulo ndipo ndinayenera kuyang'ana poponda. Inu ganizani zimene mukufuna.

Bala lake silinali lakuya, mafuta anamuteteza, anangochekeka chikopa kuyambira pamchombo mpaka pachifuwa. Koma palibe amene ankayang'ana balalo. Anthu onse maso anali pa nsanza zimene zinamwazika pabwalo. Bwana uja anatola kachidutswa kamene kanamatirira pa jekete lake, anakayang'anitsitsa, kanali diso la nkhope ija. Anakakulunga m'kampango kake, anakaika m'thumba, anakwera galimoto osatsanzika munthu.

Chikondwerero chinachitika, chipata chinaimikidwa, amayi anavina, Felton sanaoneke. Sabata ino kunabwera uthenga woti iye ndi ine tikaonekere ku ofesi dzulo Lachitatu. Mlembi wa nthambi, amene wakhala akusirira mpando wa Felton, anali atanena kale kuti Tcheya anapera nkhope dala ataledzera.

Lachiwiri masana Susana, mkazi wa Felton, anabwera kwathu. Sanabwere kwa ine, anakagwada pa mkeka wa Manesi, pafupi ndi mwendo womwewo, akulira kuti amake Sara, ana anga ndi ang'onoang'ono, auzeni abambo akanene kuti inali ngozi. Ine ndinkafuna kumuthamangitsa ndi chikuni, koma Manesi anamupatsa madzi akumwa n'kumuperekeza ndi mawu mpaka pa mpanda. Atapita anandiitana.

"Atate ake Sara, khalani pansi. Mawa mukanene kuti inali ngozi, basi. Yawo ikavomerezeka kuti ndi ngozi, yathunso ndi ngozi, kansalu kaja kafa mphamvu. Mukatha kunena zimenezo mukatseke pakamwa. Mwandimva?"

"Ndamva."

"Simunamve. Ndiyang'aneni. Mukatseke pakamwa."

Ndinalonjeza, achimwene. Ndinachita kugwira dzanja lake.

Ku ofesi kuja tinapeza bwana uja ali patebulo, mlembi wa nthambi pambali, anyamata a malaya ofiira pakhomo. Felton anali atawonda, atavala malaya oyera wamba, opisira bwinobwino. Atandifunsa ndinanena monga ndinalonjezera. Ndinati makina amenewa amagwira chovala chilichonse cholendewera, sasankha. Ndinati a Tcheya sanaledzere, ndinawauza kuti apisire, iwo anakana chifukwa cholemekeza nkhope. Ndinati inali ngozi. Bwana uja anagwedeza mutu, anayamba kutseka cholembera chake. Nkhani inali itatha. Tonse tikadapita kwathu.

Koma Felton ndi Felton. Ataona kuti wapulumuka, mapewa anakwera. "Zikomo bwana," anatero. "Vuto lenileni ndi kusasamala kwa pa shedi imeneyo. Munthuyu anafika popatsa mkazi ntchito ya amuna. Mkazi wakeyo anadzipundula yekha ndi kupusa kwake, lero akukwawa pa Boma pano ngati bakha."

Ngati bakha, achimwene. Manesi, amene dzulo lake anapatsa mkazi wake madzi akumwa.

Sindikumbukira kuti ndinaimirira nthawi yanji. Ndinangomva mawu anga akugunda m'malata. Ndinanena za ovolosi, za nsalu imene anatumiza, za luzi limene anandilanda m'manja. Ndinati nsaluyo itakodwa ndinaidula ndine ndi sizasi, pankhope penipeni, ndipo a Tcheya anu okhulupirikawa anatola chidutswacho, sanabwere nacho kuno, akhala akuchisunga m'sutikesi mwezi wonse ndi kupitirira kuti agulire galayinda ndi injini. Ndinati tumani anthu akaone ngati ndikunama. Felton ankangoti "Kalebe, Kalebe," motsitsa, ngati munthu woitana galu amene wadula chingwe.

Anatuma anyamata awiri. Sanachedwe. Anakapeza kansalu kaja pansi pa yunifolomu ya chigwirizano ya Susana, kali m'nyuzipepala yomwe ija. Bwana uja anakafunyulula patebulo, anatulutsa kampango kake, n'kuika diso lija pambali pake. Anavula magalasi akuda aja koyamba.

"A Felton," anatero mofatsa, "ndiye kuti munaona nkhope itadulidwa, munabisa, n'kuyamba kuchita nayo malonda. Kenaka ina munaipera nokha."

Felton anangoyasama, mpata wa dzino munamugulula lija unaonekera. Anamukweza m'galimoto ija yopanda mawindo kumbuyo, ndipo inalowera msewu wa ku Dowa. Kumene amapita anthu olowera kumeneko mukukudziwa, sindilemba. Pokwera anaphonya chopondera n'kugwada m'fumbi, anthu a pamsika akuona. Ndikadakonda mukadakhalapo. Ndaona zinthu zokoma pa moyo wanga, koma zochepa zofika pamenepo, ndipo abusa akafuna kundidula mu mpingo chifukwa cha mawu amenewa andidule.

Kenaka bwana uja anatembenukira kwa ine. "Ndiye wodula nsaluyi ndiwe?"

"Ndine. Mkazi wanga anali kutha magazi."

"Ukudandaula?"

Apa munthu wanzeru akadagwetsa nkhope. Ine ndinati, "Itakodwanso mawa ndidzadulanso."

Anavalanso magalasi ake. "Pita kunyumba. Usachoke pa Boma pano. Tikuitana."

Nditafika kunyumba nkhani inali itandipitirira kale. Susana ankamveka kulira kuchokera kutsidya kwa msika. Manesi anali pakhonde, mwendo atautambasula. Ndinayamba kumufotokozera za bakha zija, kuti amve chimene chinandiutsa. Sanandilole kumaliza.

"Mwendo unali wanga," anatero. "Ndinakutumani kuti mukandibwezerere?"

Chiyambire pamenepo sanandilankhulenso.

Ine sindikudandaula, ndipo musandilembere zondilangiza, nthawi yake yapita. Munthu anapundula mkazi wanga, anafuna kundilanda chogwirira ntchito, n'kumutukwananso pamaso panga. Akagone pa simenti aone mmene imakomera. Mwinanso sandiitana n'komwe, anthu amenewa ali ndi zambiri zochita, ndipo chipata chawo ndinawapangira chokongola, aliyense akunena.

Komabe pali zinthu zingapo zimene ndikupempha, poti muli kutali ndipo makalata amachedwa. Kontirakiti yanu ikatha musaonjezere ina, mubwere kuno molunjika. Lero m'mawa ndadula miyendo ya benchi ndi kutsitsa vayisi kuti Manesi azitha kupera atakhala pa mpando, chifukwa manja ake ali bwinobwino ndipo oda ya ngolo ya ku Chezi ikudikira. Kuwotcherera adzachite Langton wa pa garaja, ndamuuza kale, koma galayinda asaigwire, ndi wosamva malangizo ngati Felton. Mubwere ndi madisiki, magalasi ena chifukwa aja anakalika, ndi epuloni yachikopa yomanga kumbuyo ngati imene mumanena kuti amavala kumgodi. Imeneyo si thalauzi, palibe anganene kanthu, ndipo imagwira nsalu kuti isalendewere. Kainjini kamafuna kusintha oyilo mvula isanayambe, ndipo kakamakana kulira musakamenye, muyeretse sefa. Sara asasiye sukulu, ngakhale mayi anene kuti wakula. Mayiwo musawauze kanthu. Akafunsa, ndapita kukagwira ntchito ku esiteti ya ku Kasungu.

Musadabwe Filipo akakuuzani kuti wandipeza nditavala malaya awiri, juzi ndi jekete masana ano. Kukuzizira ku Ntchisi chaka chino, palibenso china. Wakhala pa chitini apa akundifulumiza, ndipo galimoto ikadutsa kumsewu tonse awiri timasiya kulankhula mpaka itapitirira, ndiye kalatayi yatenga nthawi.

Mupereke moni kwa a Stephano ndi anzanu onse a m'chipinda chanu. Mayi akupereka moni, akuti mafuta opaka m'mawondo aja anatha. Sara akupereka moni, akuti musaiwale nsapato, phazi lake lafanana ndi la amake. Manesi ndamufunsa kawiri ngati ali ndi mawu opita kwa alamu ake, wangoyang'ana kukhoma. Koma pamene ndikulemba pano wadzikoka ndi ndodo yake mpaka kukhitchini, wakazinga chimanga ndi mtedza, wamanga m'kansalu, ndipo wabwera kudzakalowetsa m'thumba la jekete limene ndavalali, osandiyang'ana kumaso. Wabwereranso kachiwiri ndi sopo ndi singano. Moni wake ndi umenewo, muulandire.

Mudzamusamale, achimwene. Ndi wabwino kuposa ine.

Ndine mng'ono wanu,
Kalebe